A Chisanu ndi Sinowo Wawo wa Thonje

Seveni koloko inali isanakwane bwino, ine nditakolopa kale mbali ya nsapato, a Chisanu ali pamwamba pa makwerero m'kati mwa windo lalikulu la shopu yathu, thonje kukamwa, ulusi m'manja. Linali Lolemba loyamba la Disembala. Dzuwa linatuluka ndi ukali wake wonse, moti ukakolopa apa, usanafike apo, kumbuyo kwauma kale. Koma iwo anali atavala juzi yaubweya, chipewa choluka chofika m'makutu, ndi sikafu m'khosi.

"Bambo, vulani juziyo, mukomoka," ndinatero.

Analavulira thonje lija m'dzanja. "Mwana wanga, munthu sangapange kuzizira atavala vesiti. Thonje limaona."

Ine ndimakolopa pa shopu yogulitsa zovala ndi ziwiya za m'nyumba. Ndinayamba ntchito mwana wanga akuyamwa, pano amathamanga yekha n'kumandiyankha. A Chisanu ndinawapeza. Ntchito imene analembedwa ndi yonyamula makatoni: kutsitsa mulole, kulowetsa m'chipinda cha katundu, kutulutsanso. Miyezi khumi ndi umodzi amachita zimenezo, ndipo palibe amene amawafunsa maganizo awo pa chilichonse. Koma Disembala akafika, windo lalikulu loyang'ana kumsewu limakhala lawo. Amagwetsamo sinowo. Dzina loti a Chisanu linachokera pamenepo. Dzina lawo lenileni ngakhale a gadi, amene akhala nawo zaka zambiri, amayamba akanda kaye m'mutu.

Sinowo ndi madzi oundana, oyera, amene akuti amagwa ngati mvula kumayiko ozizira. Ine sindinamuonepo. A Chisanu sanamuoneponso. Kuno Disembala ndi mwezi wa thukuta ndi udzudzu. Kuzizira kwathu kumabwera pakati pa chaka, ana akupita kusukulu milomo itang'ambika, ndipo nthawi imeneyo zidole za m'windo zimakhala zitavala malaya opanda manja. Disembala, anthu akudzikupiza ndi chilichonse chimene ali nacho m'manja, zidole zija ndiye zimavekedwa majuzi ndi masikafu. Ndinafunsapo chifukwa chake. Anandiuza kuti Khirisimasi imayenda choncho, ine ndinapitiriza kukolopa.

Mmene zinayambira a Chisanu anandifotokozera okha tikumwa tiyi kuseri kwa makatoni. Zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, mwini shopu woyamba, amene anamwalira, anawaitana n'kuwapatsa khadi la Khirisimasi. Panali kanyumba kodenga loyera, mitengo yosongoka, ndi ngolo yokokedwa ndi mbawala za nyanga ngati nthambi. "Ungathe kupanga izi?" Iwo anali ndi khanda kunyumba, sankakana chilichonse. Anati angathe. Atafika kunyumba anang'amba pilo, ndipo akazi awo anatsamira chitenje chopinda mpaka chaka chatsopano.

Khadi lija akadali nalo, m'kapepala ka pulasitiki, m'thumba la malaya. Latuwa moti kanyumba kaja kakuoneka ngati kali mu utsi, koma ndilo buku lawo lonse. Zotsala anaphunzira mufiriji. Firiji ya m'chipinda chathu chomwera tiyi ikaundana m'mbali, salola kuti ndiizimitse asanaione. Amalowetsa mutu, n'kukhala phee, ngati dokotala womvetsera chifuwa.

Malamulo ali nawo, ndipo saseka nawo. Thonje sadula ndi sizasi, amalikoka ndi zala pang'onopang'ono. Sinowo sakhala pansi pa chinthu, amakhala pamwamba: paphewa la chidole, pa chivundikiro cha poto, pamphuno ya nsapato. Wakugwa amamumangirira pa ulusi woyera wochokera kudenga, n'kuika fani pakona kuti azigwedezeka. Thonje la chaka chatha sataya. Limagona m'thumba, ndipo Novembala amaliyanika padenga la chipinda cha katundu kuti lichoke fungo la nkhungu.

"Padziko lonse lapansi, sinowo woyanika padzuwa ndi wanu yekha, achimwene," a gadi amatero chaka chilichonse.

"Inu londerani geti. Za nyengo tisiyireni eni ake."

Kumene amakhala, anthu sadziwa za makatoni. Akazi awo akafunsidwa ntchito ya bambo, amati, "Ndi okongoletsa shopu m'tauni." Ana awo aakazi anayi anakwatiwa, ndipo akamwini onse amadziwa kuti apongozi awo ndi okongoletsa. A Chisanu amati iwo sananamizepo munthu. Anangosiya kukonza wolakwitsa. Ndiye mukaona windo lija, musaone thonje lokha. Ulemu wa munthu wamkulu unali pa ulusi umenewo.

Chaka chino tinalandira manejala watsopano, mayi wa msinkhu wanga, amene anakaphunzira kunja zaka zinayi. Timawatchula kuti madamu. Si munthu woipa ayi. Anandigulira magolovesi, ndipo mwana akadwala amandiuza okha kuti ndiweruke. Lolemba limenelo anafika eyiti koloko, n'kuima pakakhomo kolowera m'windo.

"Bambo, tatsikani pang'ono."

A Chisanu anatsika mwendo umodzi umodzi, poti bondo lamanzere linayamba kale kuwakana.

"Ndaitanitsa zomata zapulasitiki, zojambula kale," madamu anatero. "Timitengo, tinyenyezi, sinowo, zonse zilipo. Zifika Lachinayi. Kungomata pagalasi, mphindi khumi zatha. Inu pa msinkhu wanuwu simuyenera kumakwera makwerero."

"Madamu, zapulasitiki sizizizira."

"Nanga thonjeli limazizira?"

"Funsani anthu odutsa."

Mtsikana wa pathilo, wolandira ndalama, anabisa nkhope m'buku la malisiti. Madamu anayang'ana juzi ija, n'kuyang'ana thukuta likutsika m'chibwano mwawo, kenako anapumira m'mwamba.

"Chabwino, malizani. Lachinayi m'mawa ndidzaona. Likandisangalatsa, windo ndi lanu, zomata zanga ndikaika kwina. Likapanda kutero, mupume, makwerero abwerere m'chipinda cha katundu. Koma musandipemphe kugula kanthu, ine ndagula kale."

Madamu atalowa mu ofesi, mtsikana wa pathilo uja anabwera kudzathira mafuta pamoto. "Agogo, mukudziwa kuti madamu anayendapo pa sinowo weniweni? Ndi mapazi awo omwewa?"

A Chisanu anapisa dzanja m'thumba la malaya. Anatulutsa khadi lija, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kulibweza. Zaka zonsezi amene ankawayamikira anali anthu ngati ine, odziwa sinowo wa a Chisanu yekha. Tsopano kunabwera munthu amene anaona wina.

Lachiwiri chitini cha guluu chinapezeka chitauma gwa, burashi itakanirira m'kati. Apa ndiye pamene ndinalowererapo ine, ndipo sindibisa. Ndinawauza kuti ufa wa tirigu ukauphika pang'ono ndi madzi, umamata bwino, ndi umene ndinamatira mapepala pakhoma la kuchipinda kwanga. Ndinakaphika kunyumba, n'kubwera nawo m'chitini cha majarini. Unagwira bwino kuposa guluu. A Chisanu anati ndili ndi mutu, ndipo kunena zoona ndinayenda monyada tsiku lonse.

Lachitatu masana a Chisanu anandiitanira pakhomo pomwe pamawala, khadi lija lili m'manja.

"Taona apa. Ukuona chiyani?"

"Nyumba."

"Padengapo, mwana iwe."

Ndinayang'anitsitsa. Panali tinthu titatu kapena tinayi tonyezimira, totsalira pa timene tinali pakhadipo kale.

"Weniweni amanyezimira," anatero motsitsa mawu. "Ndakhala ndikudziwa zaka zonsezi, koma panalibe wondigwira. Madamu angoponya diso kamodzi, adziwa."

Tinayamba kufunafuna chonyezimira chosagula. Tinayesa mchere, koma unayamwa chinyontho, thonje linanyowa. Iwo anati tiphwanye babu lakufa tipere. Ndinakana, poti wokolopa ndi ine, ndipo mushopu mumalowa ana. Kenako maso awo anagwera pa chitini cha shuga wathu wa tiyi. Unali shuga wa sabata yonse, wa anthu asanu ndi mmodzi. Anatapa ndi zala, n'kuwaza pathonje lomwe linali lisanaume phala la ufa lija, n'kubwerera m'mbuyo.

Ndikuuzeni, zinakongola. Cha m'ma fili koloko dzuwa litapendekera pagalasi, windo lonse linathwanima ngati lathiridwa nyenyezi. Fani ikuzungulira, tithonje tikugwedezeka pa ulusi, zidole zitaima ndi masikafu awo, mapoto atasenza zoyera pamitu. Anthu anayamba kuima. Mayi wina wobereka mwana, akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, anati, "Iii, koma kwazizira umo!" A gadi anati akumva ngati chimfine chikuwayamba. A Chisanu anamva zonsezo ali m'kati mwa galasi, juzi itanyowa ngati yagwera m'ndowa, ndipo anawaza shuga yense mpaka kugogoda chitini. Madamu tsiku limenelo anali kumsonkhano, sanaone.

Ine amene kunyumba sindisiya ngakhale supuni ya tiyi patebulo, ine amene ndimaika miyendo ya kabati m'tizitini ta madzi, sindinaganize kanthu. Kukongola kunanditseka nzeru.

Lachinayi m'mawa ndikukhota pakona, ndinaona gulu pawindo. Ambiri anali ana asukulu, zikwama kumsana, mphuno pagalasi. Mtima unati myaa, ndinati zatheka. Kenako ndinamva mmodzi akukuwira anzake, "Bwerani muone, sinowo akuyenda!"

Ankayendadi. Nyerere zinatulukira pamng'alu wa pakona, mizere inayi, yakuda bii pathonje loyera. Zina zinakwera ulusi mpaka kudenga. Zina zinadzaza sikafu ya chidole chachimuna ngati mikanda. Zinkanyamula shuga, zinkanyamula phala louma, ndipo zamphamvu zinkakoka tithonje tathunthu kulowera nato kwawo. Pachipewa cha chidole chachikazi panakhala mphemvu ziwiri zazikulu, zikugwedeza ndevu ngati eni malo.

A Chisanu anafika nditangotsegula. Anaima kumbuyo kwa ana aja, juzi ili m'thupi, manja ali lende. Sanatukwane, sanandiloze chala. Anangoti, "Mwana wanga, tsache."

Tinayesa. Koma ukasesa nyerere, sinowo akutsatira. Ndinapopera mankhwala, thonje linanyowa n'kusanduka zibuma zachikasu, fungo mpaka kuthilo. Tili jijirijijiri choncho, galimoto ya madamu inaima.

"Mwadzuka bwanji, madamu," a gadi anawalonjera, ataima njo. "Musadabwe, talandira alendo. Amva kuti kuno kukugwa sinowo, ndiye abwera ndi mabanja omwe."

Madamu anayang'ana windo kuyambira pansi mpaka kudenga. Anayesa kudzigwira, milomo ikunjenjemera. Ataona mphemvu zija, zinawakanika. Anaseka mpaka kugwira chitseko. Atatembenuka n'kuona nkhope ya a Chisanu, kuseka kunathera panjira.

A Chisanu anavula chipewa. Tsitsi lawo la imvi linali litamatirira kumutu. "Madamu, ndi shuga. Ndinafuna anyezimire ngati weniweni, poti inu mumamudziwa."

Ine ndinati, "Phalalo ndinaphika ndine, madamu." Palibe amene anandiyang'ana.

Madamu anatulutsa foni, anafufuza kanthawi, n'kuwapatsa. "Bambo, onani weniweni."

Ndinasuzumira paphewa pawo. Panali msewu, ndipo m'mbali mwake munali milu ya zinthu zotuwa, zakuda pansi, ngati zimene amavuula m'ngalande mvula ikatha. Pakati panaima madamu, atavala chijasi ngati bulangete, nkhope itatupa, osamwetulira ngakhale pang'ono.

"Woyera ndi tsiku loyamba lokha," madamu anatero. "Kenako ndi matope basi. Ndinagwa katatu pamsewu umenewo. Zala zinang'ambika. Ndinkalira m'chipinda kufuna dzuwa lomweli mukulithawali."

A Chisanu anaitalikitsa foni ija ndi maso, poti magalasi awo anathyoka. Kenako anatulutsa khadi lawo n'kuliika pambali pake. Anayang'ana uku, anayang'ana uku.

"Ameneyu ndi sinowo?"

"Weniweni."

"Anamuika ndani chonchi?"

"Amangogwa yekha, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kubweza foni ndi manja awiri. "N'chifukwa chake. Alibe womuyang'anira."

Madamu analuma mlomo kuti asayambirenso. Koma mawu awo sanasinthe. "Windo lalikulu lichotsedwe zonse, lipoperedwe, zomata zilowe. Tinagwirizana. Ndipo makwerero amenewa sindikufuna kukuonaninso muli pamwamba pake." Anayenda masitepe awiri, n'kuima. "Kuli kawindo kaja ka kumbali, koyang'ana kanjira koimika njinga. Ngati mukukafuna, katengeni. Sikafuna makwerero. Guluu ndigula. Koma shuga ayi."

Kawindo kameneko ndi kamene timaikamo zitsanzo za ndowa ndi matsache. Ndi kakang'ono ngati chitseko cha kabati, ndipo dzuwa silifikako tsiku lonse chifukwa cha khoma la shopu yoyandikana nayo. Odutsako ndi oimika njinga ndi ofuna njira yachidule yopita kokwerera mabasi.

Kuchotsa sinowo wa zaka makumi awiri ndi zitatu kunanditengera ndowa zitatu. Thonje limene linapulumuka silinafike theka la thumba. Zomata zija anamata mtsikana wa pathilo, ndipo madamu sananame, mphindi khumi zinakwana. Sindinganene kuti n'zoipa. N'zowongoka bwino, zoyera mbee, ndipo n'zofanana ndendende ndi za shopu ya mankhwala ya tsidya la msewu. A Chisanu sanapite kukaziona. Tsiku lonselo ananyamula makatoni atavala malaya wamba, juzi itapachikidwa pamsomali. Ngakhale a gadi anasunga pakamwa pawo.

Kutacha ndinawapeza atagwada pakatoni kutsogolo kwa kawindo kaja, mutu ndi mapewa zili m'kati, juzi ili m'thupi, chipewa chili m'makutu. Matsache anali atatulutsa. Anasiyamo ketulo imodzi, ndowa yofiira, ndi tinsapato ta mwana. Chidole sichikanalowa, ndiye sikafu anaikulunga pa ketulo. Ankakoka thonje ndi zala monga mwa nthawi zonse, kalikonse pamalo pake, pang'ono pa chivundikiro, pang'ono pamphuno za tinsapato. Fani inakana kukwana. Anaboola kabowo pathabwa la kumbuyo, akuti mphepo ya m'chipinda cha katundu izilowera pamenepo.

Masana tinakhala kuseri kwa makatoni ndi tiyi wathu wopanda shuga. Aliyense ankamwa atakwinya nkhope, koma palibe anatchula. Anzathu atabwerera kuntchito, a Chisanu anasendeza kapu yawo pambali.

"Mwana wanga, mawa Loweruka ulipo?"

"Mpaka thwelofu, bambo."

"Amayi ako, akazi anga aja, akubwera. Ukuwadziwa, sajomba. Chaka chilichonse Loweruka loyamba amasita diresi, kubwera kudzaona windo. Ulendo uno atengana ndi mchemwali wawo wa kumudzi, amene wakhala akungomva mbiri."

"Simunawauze?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti mwamuna wawo wachotsedwa paudindo ndi nyerere?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinati mwina ndikapepese ndine, poti phala lija linali langa.

"Phala linalibe mlandu. Mlandu unali wa shuga, ndipo anawaza ndine. Iwe undichitire chinthu chimodzi chokha." Anayang'ana kukhomo la ofesi, n'kutsitsa mawu. "Cha m'ma teni usiye mopu, ukawachingamire pamene amatsikira basi. Usabwere nawo kumsewu waukulu ayi. Udzere nawo kanjira ka njinga, kuti ayambe aona kawindo kanga. Akakufunsa kuti bwanji chaka chino zili kuseri, usachite chibwibwi. Uwauze kuti kwatentha kwambiri, ndiye madamu, poti sinowo amamudziwa, alamula kuti aikidwe pamthunzi."